A Zitheka ndi Mpando Wakutsogolo

Kumapeto kwa msewu wa mashopu, pakati pa wogulitsa nsapato ndi wokonza mawailesi, panali kachipinda kometeramo tsitsi ka bambo wina amene dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Aliyense ankangoti a Zitheka. Dzinali analitola ndi pakamwa pawo pomwe. Ubwere ndi dazi lonyezimira n'kuloza chithunzi cha mnyamata wa tsitsi la mzindo pakhoma, iwo akukutumula nsalu n'kuti, "Zitheka, khalani pansi." Uwadandaulire kuti ntchito yatha kapena mkazi wanyanyala, yankho linali lomwelo. Mtima wabwino anali nawo, zimenezo sitingawalande. Vuto linali loti pakamwa pawo pankathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa kashedi ka malata, kunali galimoto ya malemu bambo awo. Inali yamakedzana ndithu, ya mphuno yaitali ndi mabampala a chitsulo chenicheni, osati zamasiku anozi zoti ukangotsamira zapindika. Utoto wake wobiriwira unali utadyedwa ndi dzimbiri, matayala ataphwa n'kumira m'dothi, ndipo mphaka wa pakhomo ankaswera ana pampando wakumbuyo chaka ndi chaka. Komabe a Zitheka sankapita kuntchito asanaisisite pa boneti. Akazi awo, amake mapasa, amene ankayendetsa vani yogawa buledi m'magolosale, ankaitchula kuti mkazi mnzawo.

Chidani chimenechi chinali ndi mutu wake. Tsiku la ukwati wawo, malemuwo anabwereketsa galimotoyi kuti mkwati atengeremo mkwatibwi kuchokera kutchalitchi. Anthu anatsogola kuphwando, awiriwo akubwera m'mbuyo mwaulemu wake. Itafika pakamsewu kopanda anthu, galimoto inatsokomola n'kuzima. Mkwati ali pachiwongolero, wokankha akanakhala ndani? Mkwatibwi anatsika, anakwinya diresi loyera mpaka m'mawondo, nakankha mpaka thukuta kamukamu. Galimoto osalira. Anakafika kuphwando wapansi, nsapato zili kumanja, diresi lili girizi yekhayekha. Panjira pomwepo a Zitheka analumbira kuti galimotoyo adzaikonza ndi manja awo, ndipo pa ulendo wake woyamba akazi awo adzakhala kutsogolo pambali pawo, awiriwiri, osatsika mpaka atafika. Mapasa anabadwa, anakula, anachoka pakhomo kukayamba moyo wawo, lonjezo lili gone pansi pa kashedi.

M'mawa wina amake mapasa anawapeza amuna awo akusisita boneti monga mwa nthawi zonse.

"Bambo a mapasa, dzulo ndakumana ndi ogula zitsulo zakale," anatero. "Mwina muikonze, mwina ndiwaitane. Taonani imvi izi. Ine mpaka lero sindinafikebe kunyumba kuchokera ku ukwati wanga."

Ananena akuseka, koma maso sankaseka nawo. A Zitheka anachita manyazi mpaka kuzolika, ndipo anamva chisoni pozindikira kuti mayiyu wakhala akudikira zenizeni zaka zonsezi.

"Zitheka," anayankha, ulendo uno motsitsa mawu.

Tsono kunena ndi kwina, kuchita ndi kwina. A Zitheka za injini sankazidziwa n'komwe, ndipo m'thumba munkangowomba mphepo. Chimene anali nacho ndi mpando wometera, ndi nzeru imodzi imene anaitola pa ntchito yawo: pali nthawi imene munthu sakana kanthu, ndiyo pamene wagonekedwa chagada, thovu lili kumaso, lumo lili pakholingo.

Woyamba kugwa m'mbuna anali makaniko wa galaja ya pakona, chimunthu cha ndevu zolimba ngati waya.

"Akulu," anatero a Zitheka akuyendetsa lumo pang'onopang'ono pansi pa chibwano, "injini yoti yagona zaka zambiri ingadzuke?"

"Mmm."

"Ndimadziwa ine kuti kwa inu palibe chovuta. Ndiye Lamlungu masana mubwere mudzaione. Musagwedeze mutu, lumoli ndangolinola kumene."

"Mmm."

Atadzuka n'kudzipukuta, makaniko anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Mwandigwira pakhosi, madala. Chabwino, ndibwera. Koma manja akhale anu, ine ndizingoloza."

A Zitheka chimwemwe chinawakwera kumutu. "Mulungu akudalitseni! Tsiku limene idzatuluke koyamba, mpando wakutsogolo ndi wanu!"

Mawuwo anangotuluka okha. Eniake sanawamve n'komwe, anali kale kalikiliki kusesa tsitsi pansi akuimba mluzu.

Lamlungu makaniko anabwera, anasuzumira m'boneti n'kupukusa mutu. Anati injiniyo iyenera kutuluka yonse, ndipo popanda tcheni chokwezera palibe chingachitike. Tcheni chotero anali nacho alamu awo a Zitheka, mchimwene wa amake mapasa, mwini lole yonyamula mchenga. Koma alamuwo anali munthu woumira, woti ngakhale singano sabwereketsa. A Zitheka sanadzivute kupita kwawo. Anangodikira kuti ndevu zimere. Zitamera, alamu anabwera okha, anagona chagada, ndipo podzuka anali atavomera tcheni, jeke ndi batire lomwe.

"Koma chikabwere chili bwinobwino," anatero akudzisisita pakhosi mokayika.

"Alamu, inu ndi m'bale weniweni. Ulendo woyamba mudzakhala kutsogolo, dzanja lili pawindo, anthu akuoneni!"

Injini inatuluka ikulendewera, yakuda bii, ikudontha oyilo wonunkha. Apa ndiye ntchito inayamba. Mapisitoni anali atamatirira m'mabowo mwake chifukwa cha dzimbiri. Makaniko anati awathire oyilo wosakaniza ndi parafini, awasiye anyowe, kenako aziwagogoda ndi chipika cha mtengo, osati nyundo. A Zitheka ankagogoda akuwanyengerera ngati mwana wokana phala, mpaka limodzilimodzi anayamba kusuntha. Chilichonse chochotsedwa chinkayalidwa pa nsalu zakale zometera mwa ndondomeko yake, pakuti makaniko anachenjeza kuti chitsulo chilichonse chimadziwa pamene chinakulira ndipo sichilola kukhala pa mnzake. Timabawuti ting'onoting'ono tinalowa m'mathireyi a mazira.

Zinapezeka kuti manja a wometa ndi abwino pa ntchito yofuna kudekha. A Zitheka ankapala mwaye wouma pa mapisitoni osasiya ndi kachipsera komwe. Popera mavalavu kuti azitseka bwino, ankapekesa kamtengo pakati pa zikhato masana onse mpaka matuza kutuluka. Zovuta zinali kushopu, kumene fungo la parafini linkawatsatira ngakhale asambe chotani.

"Kodi mukutimeta kapena mukutipanga sevisi?" anafunsa kasitomala wina atatsina mphuno.

Kunyumba nakonso zinthu zinayamba kusowa. Beseni lochapira linapezeka kushedi muli mabawuti, mswachi wakale ukutsuka kabuleta, ndipo tsiku lina amake mapasa anatsegula kabati ya mbale n'kupeza gasiketi yatsopano ya injini itagonekedwa pamwamba pa mbale za alendo, ati kuopa kuti ingapindike. Anakalipa ndithu, nyumba yonse inamva. Koma Lamlungu lotsatira anabwera ndi tiyi kushedi, anatembenuza ndowa n'kukhalapo, ndipo sanachoke. Posakhalitsa anali akupatsira masipanala asanapemphedwe, nanga si munthu woyendetsa galimoto tsiku ndi tsiku. A Zitheka anamvanso kwa telala wa pafupi ndi shopu yawo kuti amake mapasa asiya nsalu yosoketsa diresi, n'kumuuza kuti asauze munthu. Atamva zimenezo mtima wawo unadzaza, moti tsiku limenelo anameta anthu awiri ulere.

Yotsala inali mipando, imene mphaka ndi ana ake anaisandutsa sanza. Panali mayi wina wosoka mipando ya masofa, wolankhula mosapsatira, amene ankakonda kumeta tsitsi lalifupi. Ameneyu lumo la pakhosi silikanamugwira, choncho a Zitheka anapeza njira ina. Anameta mbali imodzi ya mutu bwinobwino, kenako anazimitsa makina n'kuyamba kufotokoza mbiri ya galimoto ya malemu bambo awo kuyambira tsiku limene inagulidwa.

"Inu bambo inu, malizani mutuwu! Ndituluka bwanji chonchi?"

"Ndimaliza, mayi, ndimaliza. Kungoti ndikaganiza za mipando ija, manja amafooka."

"Ndisoka! Ndati ndisoka! Yatsani makinawo!"

Ndipo pomutsanzika pakhomo, pakamwa paja panachitanso zake. Mpando wakutsogolo unapita kachitatu.

Tsiku loliza injini linafika. Zonse zinali zitabwerera m'malo mwake, oyilo watsopano atathiridwa, batire la alamu litamangidwa. A Zitheka anapotokola kiyi. Injini inang'ung'udza n'kusiya. Anayesanso. Inatsokomola, inalavula utsi wabuluu umene unadzaza shedi yonse, kenako inagwira, n'kuyamba kulira mawu ake akale aja, okhuthala, odekha. Anali mawu amene a Zitheka ankawamva ali mwana bambo awo akamalowa pachipata madzulo. Anatsika akufuna kuvina, koma m'malo mwake anangogwira chitseko n'kulira misozi, bambo wamkulu ndi ndevu zake. Amake mapasa analulutira mpaka agalu a kwa aneba kuyamba kuuwa.

Makaniko anaimvetsera atapendeketsa mutu, kenako anapereka lamulo. "Injini iyi yangobadwa kumene. Muziyenda pang'onopang'ono, musaisenzetse katundu, ndipo anthu asapose anayi mpaka itazolowera. Mukaswa zimenezi musadzandiitanenso."

Lamuloli a Zitheka analikonda kwambiri, moti analilengeza kwa mutu uliwonse umene unakhala pampando wawo sabata imeneyo. Analengezanso kuti galimoto ituluka Loweruka m'mawa. Lachisanu makaniko anasuzumira pakhomo la shopu.

"Mawa tilipo, madala. Musaiwale mpando wanga."

"Zitheka!"

Atangotero anazindikira chimene anachita. Anakumbukira alamu, anakumbukira mayi wosoka uja, anakumbukira diresi la kwa telala. Ikanakhala nthawi yabwino yopita kwa anthuwo mmodzimmodzi kukapepesa, kapena kungouza akazi awo zoona zake. Koma anadziuza kuti anthu ndi otanganidwa, ndani angasiye ntchito yake Loweruka chifukwa cha mawu ocheza? Anapitiriza kumeta.

Loweruka kunacha bwino. Galimoto inali pabwalo ikunyezimira, dzimbiri litapalidwa, matayala atapopedwa, a Zitheka ali m'suti akupukuta bampala ndi mpango. Woyamba kulowa pachipata anali makaniko, ali m'malaya oyera oti mbee, moti poyamba sanamuzindikire. Asanamalize kupatsana moni, alamu anatulukira atavala chipewa cha mlaza chatsopano. Kumbuyo kwawo kunali mayi wosoka mipando, ndi ambulera ndi chikwama chachikulu. Atatu onsewo analunjika chitseko chimodzi, ndipo manja atatu anakumana pa chogwirira.

"Pepani, apa ndi panga," anatero makaniko.

"Panu? Injini ikanatuluka ndi mano anu popanda tcheni changa?"

"Abambo inu, mpando umene mukulimbiranawu ndasoka ndine. Ndipo mwiniwake anandiuza yekha, mutu wanga uli theka!"

Onse anatembenukira kwa a Zitheka, amene anali akupukutabe bampala youma kale. Nthawi yomweyo chitseko cha nyumba chinatseguka, amake mapasa n'kuima pakhonde. Anali m'diresi latsopano lotuwira, ndolo zili m'makutu, nsapato zazitali zimene sankavala kawirikawiri. Anaoneka bwino zedi. Phokoso lonse linati zii.

"Kwagwanji?" anafunsa.

Achimwene awo ndi amene anafotokoza, ndipo sanasiye kanthu. Amake mapasa anamvetsera mpaka pamapeto. Zinawapweteka, ndipo sanabise.

"Bambo a mapasa, mpando umene ndaudikira mpaka imvi, inu mwakhala mukuugawa ngati masiwiti?"

"Zitheka, amake mapasa. Tipanikizana kutsogoloku, ena kumbuyo, tonse tikwana."

"Anayi basi," anatero makaniko. "Mwakhala mukulengeza nokha sabata yonse. Ndipo pano tilipo asanu."

A Zitheka anaweramiranso pa bampala ija. Thukuta linatsikira m'kolala. Mayi wosoka mipando, pokhala mzimayi, ndiye anayamba kumvetsa kukula kwa nkhaniyo. Anapinda ambulera yake.

"Pepani amayi, ife sitimadziwa kuti pali lonjezo lakale. Abambo inu, tiyeni tizipita."

"Ayi," anatero amake mapasa akutsika pakhonde. "Munasiya ntchito zanu, munakhetsa thukuta, munalonjezedwa. Pakhomo panga munthu sachoka atanamizidwa." Anafika pamene panaima amuna awo n'kutambasula chikhato. "Makiyi."

"Amake mapasa..."

"Pali mpando umodzi wokha umene simunaugawe. Makiyi, bambo."

Makiyi anagwera m'chikhato. Amake mapasa anavula nsapato zazitali zija, anaziponya pansi pa mpando, nakhala pachiwongolero ngati anabadwira pomwepo. Anagamula mlandu wonse mosataya nthawi: makaniko akhale kutsogolo mpaka kumsika kuti amvetsere injini, mayi wosoka kuchokera kumsika mpaka pamlatho, achimwene awo kuchokera pamlatho kubwerera, atulutse dzanja pawindo mmene angafunire.

"Nanga ine?" anafunsa a Zitheka ndi kamawu kakang'ono.

"Inu tsegulani chipata. Tikatuluka mutseke, agalu angalowe."

Anatsegula, atani nanga. Galimoto imene anaipala ndi manja awo, imene inawatulutsa matuza, inadutsa pambali pawo mwaulemu, alamu akuwabayibitsa ndi chipewa. Aneba anali atatsamira pampanda, ena akuombera m'manja, ena akufunsa ngati a Zitheka aiwalidwa. Iwo anaima pamsewu m'suti yawo akumvetsera. Anamva giya yachiwiri ikulowa mosakhuluza, kenako yachitatu, mawu a injini osaphonya ngakhale kamodzi mpaka anazimiririka kuseri kwa nyumba. Anabwerera kushedi kopanda kanthu n'kukhala pa ndowa ija. Ananyadira ntchito yawo, anachita manyazi ndi pakamwa pawo, ndipo anamva chisoni kuti tsiku limene analilota zaka zonsezi lapita iwo atagwira chipata.

Dzuwa litakwera anamva hutala. Anathamanga kukatsegula. Amake mapasa anali okha, atawatula anthu aja m'makwawo. Nkhope yawo inkawala ngati ya mtsikana, mkwiyo wonse utatsala panjira.

"Imayenda, bambo a mapasa! Sinatsokomole ngakhale pachitunda paja. Manja anuwa ndi odala, pakamwa pokhapa ndi pofunika kusoka." Anasendera mbali inayo n'kusisita mpando wa dalaivala. "Bwerani, petulo akadalipo. Ulendo uno ndi wathu awiri."

A Zitheka sanadikire kuuzidwa kawiri. Anazungulira chothamanga, analowa, anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Anawayang'ana akazi awo ali pambali pawo m'diresi latsopano, ndipo mtima unagunda ngati tsiku loyamba lija. Anafuna kupepesa bwinobwino, ndi mawu okonzeka. Asanayambe, wina anatsokomola pachipata.

Anali wowotcherera zitsulo amene anamata mabowo a pansi pa galimotoyo, ali mu jekete ya mchimwene wake yaikulu mapewa, akazi ake ali pambali atanyamula kachikwama.

"Tachedwa, a Zitheka? Paja munati ulendo woyamba wadzaza, koma wachiwiri ndi wa ine ndi akazi anga."

Amake mapasa anatembenuka pang'onopang'ono. A Zitheka anayang'ana chiwongolero, anayang'ana nsapato zawo, anayang'ana kumwamba. Kenako anamva mpando ukugwedezeka. Akazi awo anali akuseka, kuseka kwenikweni kogwira nthiti, misozi ikutsika, mpaka kumenya dzanja pa bondo la amuna awo.

"Kutsogolo?" anafunsa ali wefuwefu.

"Ayi mayi, ife anangoti ulendo. Paliponse tikhala."

"Mwamwayi! Kwerani kumbuyoko, bambo, tilipo anayi ndendende. Bambo a mapasa, lizani tizipita asanabwere a ulendo wachitatu."

Umu ndi mmene a Zitheka anayendetsera akazi awo m'galimoto ya malemu bambo awo, pang'onopang'ono, kudutsa msewu wa mashopu, kudutsa pakamsewu kopanda anthu kaja osaima. Zoti awiriwiri sizinatheke. Njira yonse wowotcherera anatsamira pakati pa mitu yawo akufotokoza bowo lililonse limene anamata, n'kumawauza amake mapasa kuti apondetse phazi pansi amve kulimba kwake. Akazi ake anali kalikiliki kusenda malalanje pa mipando yatsopano. Mawu achikondi amene a Zitheka anawasunga zaka zonsezi anasowa polowera. Komabe dzanja la amake mapasa linali pa phewa lawo, ndipo silinachoke mpaka anafika pachipata.

Thandizo analifuna okha a Zitheka, analipempha ndi lumo ndi pakamwa, ndipo linagwa lambiri mpaka injini yakufa inadzuka. Zotsatira zake nazonso anayenera kuzisenza osadandaula. Akuluakulu sananame: walira mvula, walira matope.